Chipikisheni cha Lachisanu madzulo: lipoti la anthu atatu ogwidwa pa nkhani ya chamba mu Lilongwe

Lipotili lalembedwa ndi alangizi a zamalamulo omwe amayendera zitokosi za apolisi ndi makhothi a majisitireti mu Lilongwe. Likutsata anthu atatu mwa anthu 14 omwe anatoledwa pa chipikisheni chimodzi, kuyambira ola lomwe anakwezedwa m'galimoto mpaka patadutsa miyezi isanu ndi itatu. Mayina awo, dzina la dera ndi la polisi tawabisa. Tiziwatchula ndi ntchito zawo: wakabaza, mwana wasukulu ndi mayi wa chiwaya.

Chomwe chinaitana apolisi

Madandaulo a anthu a m'deralo sanali opeka. Kuseri kwa msika kuli shedi momwe anyamata amasewera pulu ndi kuonera mpira, ndipo aliyense ankadziwa kuti pamenepo pamagulitsidwa chamba. Amayi ochokera kuchigayo kukada ankalandidwa mafoni pa kanjira kodutsa pambali pake. Mabanja awiri anali atathamangira kale kuchipatala ndi ana awo mutu utasokonekera. Chamba chimavulaza, makamaka mwana amene wayamba kusuta ubongo usanakhwime, ndipo amene anakaonapo odwala kuchipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba sangatsutse zimenezi. Mfumu ya deralo ndi komiti ya chitetezo anakadandaula kupolisi, ndipo anachita bwino. Pempho lawo linali limodzi: wogulitsayo achotsedwe. Dzina lake anapereka, nyumba yake analoza.

Yankho linabwera Lachisanu cha m'ma 7 koloko madzulo, pa galimoto ziwiri. Apolisi anatseka khomo la shedi n'kulamula onse kugona chafufumimba. Aliyense wopezeka mkati kapena pafupi anakwezedwa: osewera pulu, oonera mpira, wakabaza amene ankadikira makasitomala panja, ngakhalenso mayi wokazinga tchipisi pakhomo. Wogulitsa uja panalibe. Pansi pa benchi panapezeka jumbo ya chamba yomwe itayezedwa inalemera magalamu 900. M'thumba la wakabaza, bambo wa zaka 27, munapezeka ndudu ziwiri zokulunga. Mwana wasukulu, wa zaka 16, sanapezeke ndi kalikonse. Mlandu wake unali wakuti anakhala pa benchi lomwe pansi pake panali jumboyo.

Nkhani inayamba kupindika galimoto zisananyamuke. Wapolisi amaloledwa kumanga munthu popanda chikalata cha khothi akakhala ndi chifukwa chomveka chokayikira munthu ameneyo payekha. Kupezeka pamalo oipa si chifukwa. Makhothi athu ananena kale zimenezi momveka. Mu 2017 khothi lalikulu, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, linathetsa gawo 184(1)(c) la Penal Code lomwe apolisi ankamangira anthu pa mlandu wa vakabu. Mu 2022 khothi lalikulu ku Zomba, pa mlandu wochokera ku Kasungu, linagamula kuti kutola anthu mwachisawawa pa chipikisheni n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko lino. Zigamulo zimenezi zilipo, koma pashedi paja palibe amene anazikumbukira.

Chinanso, palibe wapolisi amene analemba pomwepo kuti jumbo yapezeka pati, anakhala pafupi nayo ndani, kapena kuimata ndi kulembapo chizindikiro anthu akuona. Inangoponyedwa m'galimoto. Pofika kupolisi inali jumbo yopanda mwini, ndipo jumbo yotero imafuniridwa mwini pakati pa omwe atsala m'chitokosi.

Mayi wa chiwaya: womangidwa yemwe sanalembedwe

Mayiyu anafufuzidwa m'thupi ndi wapolisi wachimuna, pagulu, ngakhale lamulo la kayendetsedwe ka milandu limanena kuti mzimayi azifufuzidwa ndi mzimayi mnzake, mwaulemu. Sanapezeke ndi kanthu. Anatuluka cha m'ma 11 koloko usiku mchimwene wake atapereka K40,000. Lisiti panalibe, ndipo sipakanakhala, chifukwa belo ya kupolisi ndi yaulere. Titakafunsa Lolemba, dzina lake munalibe m'buku la ogwidwa. Pa pepala, mayiyu sanamangidwepo. Izi zimamuvutitsa kwambiri wofuna kudandaula, pakuti ayenera kuyamba watsimikiza kuti anafikadi kupolisiko asanakambe za ndalama ndi za kugwiridwa m'thupi. Atabwerera pamsika anapeza chiwaya chilipo, koma mafuta, mbatata ndi ndalama za tsikulo zitapita.

Mwa anthu 14 aja, 9 anatuluka usiku womwewo kapena Loweruka m'mawa kudzera njira yomweyi. Asanu otsalawo sanatsale chifukwa umboni unkaloza iwo. Anatsala chifukwa kwawo kunalibe wobwera ndi kangachepe. Awiri mwa iwo, wakabaza ndi mwana wasukulu, ndi omwe jumbo inawagwera.

Maola 48 omwe anakhala masiku anayi

Gawo 42 la malamulo aakulu limati womangidwa auzidwe msanga, m'chiyankhulo chomwe amamva, chifukwa chomwe wamangidwira ndi kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Limati afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera tsiku lomwe khothi siligwira ntchito, afikitsidwe tsiku loyamba lomwe khothi latsegula. Apa ndi pomwe Lachisanu limapwetekera. Wogwidwa Lachiwiri amayenera kuonekera kukhothi pofika Lachinayi. Wogwidwa Lachisanu madzulo amagona m'chitokosi mausiku atatu lamulo lisanaphwanyidwe n'komwe. Achibale amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mtengo wa kangachepe umakwera Lachisanu. Pa nkhani ino Lolemba nalonso linadutsa, ati galimoto inalibe mafuta, ndipo anthuwa anafika kukhothi Lachiwiri.

Loweruka usiku wakabaza anatulutsidwa m'chitokosi kukafunsidwa kuti jumbo ndi ya ndani. Anakana. Malinga ndi kufotokoza kwake, anamangidwa maunyolo manja ali kumbuyo n'kumenyedwa ndi ndodo m'matako, m'ntchafu ndi kumapazi. Kenako anasainitsidwa chikalata cholembedwa m'Chingerezi chomwe sanawerengeredwe. Iye ankaganiza kuti wasainira ndudu ziwiri. Chikalatacho chinkati wavomera magalamu onse 900.

Tinamuona koyamba Lolemba masana. Pantchafu zonse ziwiri panali mizere iwiriiwiri yakuda yoyendera limodzi, pakati pake poyererako. Chizindikiro chimenechi chimasiyidwa ndi ndodo kapena paipi: magazi amathawira m'mbali mwa pomwe ndodo yagunda. Munthu wogwa m'galimoto sakhala ndi mizere yotere, ngakhale ndi zomwe kawirikawiri zimalembedwa. M'mikono munali mabala ozungulira, ndipo chala chachikulu cha dzanja lamanja chinali chadzanzi chifukwa unyolo unapana mtsempha. Tinamufunsa mtundu wa mkodzo, ndipo funso limeneli lisamaiwalidwe. Munthu akamenyedwa kwambiri pa minofu ikuluikulu, zotuluka m'minofu yophwanyikayo zimakatseka impso, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, kapena kuchepa. Ameneyo ndi wofunika chipatala tsiku lomwelo. Wakabaza anati mkodzo unada Lamlungu koma unayamba kuyera atamwa madzi omwe mkazi wake anabweretsa.

Mabala amazimirira pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, choncho umboni wake umatoledwa mwachangu kapena sutoledwa konse. Chofunika ndi kujambula bala lililonse pali kuwala, pambali pake pataikidwa rula kapena ndalama yachitsulo yoonetsa kukula kwake, kujambulanso nkhope ya mwini wake kuti chithunzi chisakanidwe, ndi kulemba tsiku, ola ndi mawu ake enieni. Chovuta n'chakuti fomu yomwe dokotala amalembapo lipoti la wovulazidwa imatengedwa kupolisi, ndipo apa polisi yake ndi yomweyo yomwe ikudandauliridwa. Njira yomwe imagwira ntchito ndi kupempha majisitireti, tsiku loyamba kukhothi, kuti aone yekha mabalawo, awalembe mu fayilo ya mlandu, ndi kulamula kuti munthuyo apite kuchipatala. Wakabaza sanapemphe. Apolisi omwe anamumenya ndi omwe anamuperekeza kukhothi, ndipo ankadziwa kuti akabwezedwa m'chitokosi akakumana nawonso.

Mankhwala omwe anatsala kunyumba

Bamboyu amamwa ma ARV, piritsi limodzi tsiku lililonse. Mkazi wake anabwera nawo Loweruka m'mawa atawakulunga m'kapepala, pofuna kuti anthu asazindikire botolo. Wapakauntala anakana kulandira mapiritsi opanda dzina, ndipo pa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo kukanako n'komveka. Mayiyo anachonderera kuti, "Bwana, ndi mankhwala a abambo akunyumba, samadumphitsa." Atafunsidwa kuti ndi a matenda anji, pakauntala pali anthu ena, anangokhala chete n'kubwerera nawo. Mwamuna wakenso m'chitokosi sananene, poopa kuti anzake akafalitsa pa siteji ya kabaza.

Zikanatheka mosavuta. Mankhwala apite m'botolo lake la kuchipatala, limodzi ndi buku la kuchipatala la mwini wake. Wobweretsa apemphe kulankhula ndi mkulu wa pamalopo kapena wa ofesi yothandiza ozunzidwa pambali, osati pakauntala, ndipo aonetsetse kuti kulandiridwa kwa mankhwalawo kwalembedwa m'buku. Gawo 42 lomwe lija limapatsa womangidwa ufulu wa chithandizo cha mankhwala pa ndalama za boma. Pa nkhani ino masiku anayi a kupolisi anatsatana ndi masiku ena akudikira kulembetsedwa ku kiliniki ya kundende, ndipo onse pamodzi anakwana 19 asanamwe piritsi. Pa nthawi yotalika chotero kachilombo kamayambanso kuchulukana m'magazi, chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo izi zinkachitika munthuyo akulowa m'chipinda chothithikana momwe chifuwa chachikulu chimafala mosavuta.

Mwana wa zaka 16 yemwe analembedwa 19

Pa fayilo ya apolisi mwana wasukulu analembedwa zaka 19. Iye akuti ananena 16, wolembayo n'kumuyankha kuti, "Iwe, ndevu zimenezi 16?" Kukweza zaka kumapeputsa ntchito ya wofufuza. Mwana amafuna zambiri: makolo adziwitsidwe, wa ofesi yosamalira anthu aitanidwe, asafunsidwe mafunso popanda kholo kapena womuyang'anira, asagonekedwe ndi akuluakulu, ndipo nkhani yake ipite ku khothi la ana. Zonsezi zili mu lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, lomwe limanenanso kuti mwana asaponyedwe m'ndende pa mlandu uliwonse. Kuyambira 2017 malamulo aakulu amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kungosintha nambala imodzi pa pepala, zonsezi zimagwa.

Mnyamatayu anagona mausiku anayi pakati pa akuluakulu. Malo ake anali pafupi ndi chidebe. Nsima yomwe mayi ake ankabweretsa ankayamba kudya ndi ena. Sanafotokoze zambiri kuposa apa, ndipo sitinamukakamize.

Kutsimikiza zaka kunadya masiku awiri. Analibe chiphaso cha kubadwa, monga ana ambiri obadwa kulembetsa kusanakhale kokakamiza mu 2015, ndipo chiphaso cha unzika, chomwe munthu amatenga akakwana zaka 16, anali asanakajambulitse. Mayi ake anafukula kadi ya kusikelo pansi pa sutikesi, yothimbirira koma tsiku lobadwa likuwerengeka. Aphunzitsi aakulu analemba kalata yotsimikiza tsiku lomwelo kuchokera m'kaundula wa sukulu. Kadi ya ubatizo inagwirizana nazo. Mapepala atatu ochokera malo atatu osiyana ndi ovuta kuwatsutsa, ndipo kholo lililonse liyenera kudziwa pomwe mapepala oterewa ali tsoka lisanagwe. Lachiwiri tinawapereka kwa wapolisi woimira boma pa milandu khothi lisanayambe. Majisitireti analekanitsa nkhani ya mwanayo n'kumupereka m'manja mwa mayi ake. Patatha milungu itatu mlandu unathetsedwa chifukwa panalibe mboni yonena kuti jumbo inali yake. Lamulo limafuna kuti wopezeka ndi chinthu akhale akudziwa kuti chilipo ndiponso ali ndi ulamuliro pa icho. Kukhala pamwamba pa benchi sikukwaniritsa zimenezi.

Mlandu unatha, koma mbiri inali itafika kale kusukulu. Anaimitsidwa milungu iwiri, ndipo atabwerera anzake ankamutchula "wachamba". Teremu yotsatira sanapitenso.

"Ingovomera, ukalipira chindapusa"

Gawo lalikulu la kuwonongeka kwa wakabaza linachitika m'mphindi zosakwana 20 kukhothi, ndipo m'pofunika kuliona bwino chifukwa milandu yambiri ya chamba imathera pomwepa.

Mlandu wake unali wopezeka ndi chamba popanda chilolezo, motsutsana ndi ndime 4(a) ya malamulo a mankhwala oopsa powerengedwa limodzi ndi gawo 19(1) la Dangerous Drugs Act. Lamuloli ndi la m'nthawi ya atsamunda, ndipo chilango chake chachikulu chimafika pa kukhala m'ndende moyo wonse. Silisiyanitsa m'mawu ake wosuta ndudu ziwiri ndi wonyamula matumba pa lole kuchokera ku Nkhotakota. Kusiyanitsako kumatsalira majisitireti popereka chilango, ndipo chomwe amayang'ana kwambiri ndi kulemera kwa chambacho. N'chifukwa chake funso lakuti magalamu 900 ndi a ndani linali mtima wa mlandu wonse.

M'chitokosi anzake anamulangiza zomwe aliyense amalangizidwa: ukakana ukakhala pa rimandi miyezi, ukavomera ulipira chindapusa n'kumapita kwanu. Malangizowa ali ndi choonadi pang'ono, n'chifukwa chake amagwira. Wokana mlandu amadikira kuti chambacho chikayezedwe ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, lipoti libwere, mboni zipezeke. Lamulo limati woyembekeza mlandu wa kukhothi la majisitireti asasungidwe kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe pokhapokha khothi litawonjezera, ndipo belo ndi ufulu pokhapokha boma litaonetsa chifukwa chomukanira. Koma wopanda loya sadziwa kuti angapemphe belo pakamwa pomwepo, ndipo sakhala atakonza achibale awiri okhala ndi ziphaso oti amuimire.

Mlandu utawerengedwa iye anayankha kuti, "Ndikuvomera, bwana, koma zanga zinali ndudu ziwiri." Mu fayilo munalembedwa kuti wavomera. Apa panalakwika kwambiri. Gawo 251 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu (Criminal Procedure and Evidence Code) limafuna kuti khothi litsimikize kuti wovomera akumvetsa mlandu ndi zotsatira za kuvomerako, ndipo akuvomera popanda kuwonjezera "koma". Munthu akati "ndikuvomera koma", lamulo limamuwerenga ngati wakana, ndipo mlandu uyenera kupita ku umboni. Woimira boma anawerenga mfundo za mlandu, anapereka jumbo ndi chikalata chosainidwa Loweruka usiku chija. Wakabaza atafunsidwa ngati mfundozo zili zoona, anayang'ana apolisi omwe anakhala pambali pake n'kuti, "Eya."

Ena angafunse kuti chikalata chosainitsidwa ndi ndodo chimalandiridwa bwanji. Malamulo aakulu amaletsa kuzunza pa gawo 19, ndipo gawo 42 limaletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu. Koma gawo 176 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu limalola kuti chivomerezo chilandiridwe ngati umboni ngakhale mwini wake akunena kuti anakakamizidwa, khothi n'kumaona pambuyo ngati zili m'menemo zili zoona. Ife tikuona kuti gawo limeneli ndi limodzi mwa zinthu zomwe zimasunga ndodo m'zipinda zofunsira mafunso. Wofufuza amadziwa kuti pepala lake silikanidwa pakhomo.

Chindapusa chomwe ankayembekeza sichinabwere. Woimira boma anati milandu ya chamba yachuluka m'deralo ndipo pakufunika chilango choti ena atengerepo phunziro. Anagamulidwa miyezi 24 akugwira ntchito yakalavulagaga. Anali wopalamula koyamba, ndipo gawo 340 la lamulo lomwe lija limati wotere asatumizidwe kundende pokhapokha khothi litalemba zifukwa zomveka zoti palibe njira ina. Mu fayilo munalibe zifukwa zotero.

Anthu sanaiwale za mu 2022, pomwe mnyamata wina ku Blantyre anagamulidwa zaka 8 pa mlandu wa chamba, pamene mkulu wa kampani ina anangolipitsidwa chindapusa, mpaka anthu anachita zionetsero ndipo khothi lalikulu linachepetsa chilangocho. Sanaiwalenso kuti kuyambira 2020 lamulo la Cannabis Regulation Act limalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chilolezo, chomwe mtengo wake unalengezedwa m'madola masauzande. Mkazi wa wakabaza anatifunsa zimenezi pakhonde la khothi: "Achimwene, ndiye chamba chake n'chosiyana?" Kusiyana kwa mitundu ndi ntchito zake kulipo ndithu, koma funso lake silinali pamenepo.

Kundende, ndi ntchito yomutulutsa

M'chipinda chomwe anaikidwa, obwera kumene amagona chokhala, m'mizere, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mpaka nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, atawapezera malo a m'mbali. Chakudya ndi kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Mphere anaitenga sabata yachiwiri. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khothi linagamula kuti kuthithikana kotere ndi nkhanza zosayenera munthu ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Chipikisheni chilichonse chotumiza osuta ndudu ziwiri kundende chimakokera kumbuyo chigamulo chimenecho.

Njira yomwe tinatsata ndi yopempha khothi lalikulu kuti liunikenso mlandu. Lamulo limafuna kale kuti zilango zina za majisitireti zikatsimikizidwe kukhothi lalikulu, koma mafayilo amachedwa, ndipo ena amafika mwini wake atatsiriza kale chilango. Choyamba chinali kupeza fayilo yolembedwa pamanja ndi majisitireti ndi kuitayipitsa, zomwe zinatenga milungu isanu ndi umodzi. Mwamwayi mawu aja akuti "koma zanga zinali ndudu ziwiri" analembedwamo, ngakhale pansi pake panalembedwa kuti wavomera. Pakanapanda mzere umodzi umenewu pakanakhala povuta kwambiri. Kenako tinatumiza nkhaniyi kwa loya wa Legal Aid Bureau, bungwe la boma lopereka maloya kwa osauka, ndi mfundo zitatu: kuvomera kunali kwa "koma", panalibe umboni womanga jumbo pa iye, ndipo gawo 340 silinatsatidwe. Tinaphatikizapo zomwe tinalemba za mabala ndi kalata ya ku kiliniki yoonetsa masiku omwe anadumpha mankhwala. Khothi lalikulu linavomereza kuti mlandu wa magalamu 900 sunayende bwino ndipo linalamula kuti atuluke. Anali atakhala miyezi isanu ndi masiku 11.

Dandaulo la kumenyedwa linapita ku Independent Complaints Commission, bungwe lokhazikitsidwa pansi pa lamulo la apolisi la 2010 kuti lizifufuza madandaulo okhudza apolisi. Polemba lipotili nkhaniyo ikadali m'manja mwawo. Umboni wake ndi wofooka kuposa momwe ukanakhalira, chifukwa palibe dokotala amene anaona mabalawo ali aawisi.

Zomwe anapeza atatuluka

Njinga yamoto sinali yake. Ankapereka ndalama kwa mwini wake tsiku lililonse pa mgwirizano woti ikadzakwana idzakhale yake, ndipo anali atatsala ndi miyezi inayi. Njingayo inakhala kupolisi milungu itatu ngakhale sinali umboni wa chilichonse, ndipo mwini wake ataiombola anaipereka kwa wina. Zonse zomwe anapereka zinapita. Mkazi wake anatenga katapila wa K60,000 kuti aziyendera kupolisi, kukhothi ndi kundende, ndipo pofika mwezi wachitatu ngongoleyo inali itaposa kawiri. Anagulitsa matiresi ndi wailesi, lendi inamukanika, n'kusamukira kwa mchemwali wake ndi mwana wamng'ono. Wamkulu, wa Sitandade 3, anatumizidwa kumudzi kwa agogo ake pakati pa teremu. Bamboyo anatuluka akutsokomola ndi kutuluka thukuta usiku. Makhololo atayezedwa anapezeka ndi chifuwa chachikulu, ndipo ali pa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Mkazi wake ndi mwana wamng'ono anayezedwanso, popeza anagona naye chipinda chimodzi milungu iwiri asanapezeke nacho.

Chitetezo cha munthu chimayezedwa ndi zinthu zoterezi: thupi lake, mankhwala ake, pogona, chakudya cha mawa, sukulu ya mwana, ndi kutha kuitana wapolisi zikavuta. Pa lipoti la apolisi chipikishenichi chinayenda bwino, anthu 14 ogwidwa ndi magalamu 900 olandidwa. Manambala amenewa ndi omwe amapita kwa akuluakulu ndi kwa atolankhani. Bola ntchito ikuyezedwa ndi chiwerengero cha ogwidwa, wapolisi wanzeru zake adzasankha shedi yodzaza anthu osati nyumba ya wogulitsa mmodzi, yomwe imafuna masiku ofufuza, chikalata cha khothi chofufuzira m'nyumba, ndi mafuta a galimoto omwe nthawi zambiri palibe.

Maiko ena anayenda njira imeneyi mpaka kumapeto kwake. Ku Thailand mu 2003 boma la Thaksin Shinawatra linapatsa zigawo mindandanda ya mayina ndi chiwerengero choti zikwaniritse, ndipo m'miyezi itatu anthu oposa 2,000 anaphedwa. Kafukufuku wa boma wa mu 2007 anapeza kuti oposa theka la ophedwawo sankakhudzidwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ku Philippines kuyambira 2016, pansi pa Rodrigo Duterte, apolisi ankagogoda m'makomo potsata mayina operekedwa ndi atsogoleri a m'madera. Boma lenilenilo linavomera kuti anthu oposa 6,000 anafa pa ntchito za apolisi, ambiri mwa iwo amphawi a m'makomboni, ndipo lipoti linkakhala lofanana, lakuti womwalirayo analimbana ndi apolisi. Mmodzi mwa iwo anali Kian delos Santos wa zaka 17, yemwe kamera inamujambula akukokedwa ndi apolisi mu 2017, ndipo apolisi atatu anapezeka olakwa pa imfa yake mu 2018. Mu Malichi 2025 Duterte anamangidwa n'kutumizidwa ku khothi la milandu ya padziko lonse ku The Hague. Malawi sali pamenepo, ndipo kunena kuti ali pamenepo kungakhale kunama. Koma zipangizo zake timazizindikira: kuyeza ntchito ndi mitu ya anthu, kutenga wosuta ngati munthu wopanda ufulu, ndi pepala lolembedwa pambuyo kuti ligwirizane ndi zomwe zachitika kale. Njira zina ziliponso ndipo zinayesedwa. Portugal kuyambira 2001 imatumiza wopezeka ndi mankhwala ochepa a iye yekha ku komiti yomwe imamulozera ku chithandizo m'malo mwa khothi la milandu, ndipo Tanzania inatsegula kiliniki ya methadone, mankhwala othandiza kusiya heroin, ku chipatala cha Muhimbili mu 2011 kuti ogwiritsa ntchito heroin azibwera okha kuchipatala. Kuno a St John of God amathandiza ofuna kusiya chamba ndi mowa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma pa anthu 14 aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anauzidwa za thandizo lotere.

Tinabwerera kuderalo patatha miyezi isanu ndi itatu. Wogulitsa uja anasamutsira malonda ake kuseri kwa chigayo, mamita ochepa kuchokera pashedi, ndipo tsopano amatuma ana aang'ono kukapereka katundu chifukwa akuluakulu akuopa kunyamula. A komiti ya chitetezo akuti anthu asiya kuwapatsa mayina, poti omwe anatoledwa ulendo uja anali ana awo omwe. Mayi wa chiwaya anathyoleredwa nyumba mwezi wathawu n'kubedwa mbaula ndi thumba la mbatata. Titamufunsa ngati anakanena kupolisi anapukusa mutu. Anakauza anyamata a pamsika, ndipo iwo anamulonjeza kuti wakubayo akamugwira athana naye okha.